Kuno Kulibe Barnaba

Asiyatu mwanangu,

Salamu aleikumu. Usadabwe kuti bambo ako akukulembera kalata chonsecho tikumwa madzi a mtsuko umodzi. Pakamwa panga ukupadziwa. Ndikati ndilankhule zenizeni, nthabwala imatulukira pakati ngati mbuzi pamaliro, mayi ako n'kuyamba kundiyang'ana ndi diso lija. Ndiye ndati bola ndilembe. Ndakhala pansi pa mtengo wa mango masana ano, iwe ndi mayi ako mutapita kukatsanzika kwa azakhali ako. Mapepala ndang'amba m'kope lako la Sitandade 8, pensulonso ndi yako yomwe, ukaisowa usanamizire munthu. Ndikupatsa mawa pa siteshoni ya Nayuchi, koma usatsegule mpaka sitima itanyamuka. Sindifuna uzindiyang'ana nkhope uku ukuwerenga.

Lero m'mawa ndinalowa kuchipinda kwako ngati mbala, koma mbala yodzasiya katundu. Ndimafuna ndikubisire nsomba zowamba, makumba aja, ndi mtedza m'bokosi lako lachitsulo lija. Ndinapeza waliphimba ndi chitenje bwinobwino ngati mkwatibwi. Nditavundukula, pachivundikiro pali zilembo zoyera zikuluzikulu: AGNES. Ndinacheuka kuti mwina m'nyumba mwanga muli mlendo amene sindinauzidwe. Kenako ndinanunkhiza pentiyo. Ndi ija inatsala pamene tinkakonza mawindo a mzikiti. Mwanangu, ndinaseka mpaka kukhala pansi. Dzina la kutchalitchi, penti ya kumzikiti, bokosi logula kwa Mmwenye ku Balaka. Koma kuseka kutatha ndinakhalabe pansi pomwepo kanthawi.

Mayi ako sindinawauze. Amalume ako Che Jafali asamve n'komwe. Ukudziwa kuti chibwerere kalata yoti wasankhidwa kupita ku sekondale ya Angilikani, iwo akhala akulumbira kuti ukabwerako ndi mtanda m'khosi ndi nkhumba m'mimba. Zinanditengera ma Ijumaa atatu, Lachisanu ndi Lachisanu, kuyenda nawo kuchokera kumzikiti mpaka pakhomo pawo, kuti avomere. Komanso sindikukukalipira iyayi. Ndikudziwa chimene chakuopsa. Wamva kuti kumeneko kuli ana a abusa, ana a makalaliki, ana a ku Zomba ndi ku Limbe, ndipo akamva dzina lako adzatseka mphuno n'kumati wabwera wa ku nsomba. Waganiza kuti ukavala dzina lina sakuona. Tsono ndilole ndikuuze za munthu wina, dzina lake Barnaba. Wakhala ukudya naye chibadwire, kungoti sunamumvepo akuitanidwa.

Ndili mnyamata, sukulu kuno inali imodzi yokha, ya mishoni yomweyi ya Angilikani, yofolera ndi udzu, cha kudambo kuja. Agogo ako Che Ndembo sankafuna kumva za sukuluyo. Ankati madarasa akwana, mwana wa msodzi alemba chiyani pamadzi. Ine ndinkapita mozemba, ponama kuti ndikukaonjola miono. Tsiku loyamba aphunzitsi, bambo Filipo, sanandikakamize kalikonse, ndisawanamizire. Anangofunsa dzina. Koma anyamata onse amene anali patsogolo panga pamzere anali a Petulo, a Yohane, a Yakobo. Ndinaona kuti Saidi aoneka ngati mlamba pakati pa matemba. Ndiye ndinatchula dzina limene ndinalimva m'mapemphero a m'mawa womwewo, chifukwa linali lalitali ndipo linkamveka ngati la munthu wovala nsapato. Barnaba. Atafunsa dzina la bambo, ndinati Jemusi. Bambo Filipo anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kulemba.

Vuto la dzina lobwereka ndi loti silidzutsa mwini wake. Mawa lake poitana maina, ana tili mbwee ngati matemba pathandala, anafika pa Barnaba. Zii. Anaitananso. Ine ndinkacheuka uku ndi uku limodzi ndi anzanga, kudabwa kuti mwana waulesi ameneyu ndi wa kwa yani. Zinatero masiku anayi. Tsiku lachisanu mnzanga wina anandigunda ndi chigongono, ine n'kudzuka, ndipo ndinalandira zikoti zinayi chifukwa chojomba masiku amene ndinali m'kalasi momwemo. Iwe kaundula wa kusukulu uko analemba kale Asiyatu Saidi, monga mmene zilili pa kalata yokuitana. Ndiye kuti m'kalasi udzakhala Asiyatu, kogona udzakhala Agnes. Akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa. Ife a ku Chiuta timati mabwato awiri ang'amba kabudula.

Chaka chachiwiri kunali chikondwerero pasukulu paja, tsiku lokumbukira woyera mtima wa tchalitchi chawo. Anaphika mpunga ndi nyama, fungo linafika mpaka kudooko. Ine malovu ali chuchuchu, koma mtima ukuti nanga ikakhala nkhumba? Saidi akanafunsa. Koma Barnaba, mwana wa Jemusi, angafunse bwanji kuti nyamayi wazinga ndani? Choncho ndinagwira pamimba n'kunena kuti m'mimba mukundipota. Akazi a aphunzitsi, mayi achifundo kwambiri, anathamanga kukatenga botolo la mafuta a nsatsi, n'kundimwetsa masupuni awiri atanditsina mphuno. Anzanga akudya mpunga, ine ndinali kuthengo mpaka dzuwa kupendeka. Madzulo ake ndikufika kumudzi ndili wefuwefu, ndinapeza amalume anga akudya chiwindi. Akuti a mishoni anawaitana m'mawa kuti akawazingire mbuzi, n'cholinga choti ana a Chisilamu nawonso adye. Amati safunsa anadya phula. Safunsa wa kwathu kuno anamwa mafuta a nsatsi. Funsa, mwanangu. Pakamwa ndi pako, sipalipiritsa msonkho.

Tsopano ndiulule tchimo langa la mwezi watha. Ndinakuuzani kuti ndikupita ku Balaka ndi nsomba, ndikagona kwa achemwali anga ku Nsamala. Ndinanama theka. Ndinatsika sitima pa Liwonde n'kukwera basi, dengu la milamba pamutu, ulendo wa kusukulu kwakoko. Ndimafuna ndikaone ndi maso anga kumene ndikukataya mwana. Ndinalowera kukhitchini ngati wogulitsa nsomba, poti munthu wa dengu palibe amamufunsa kalata. Ndipo amene anandilandira ndi bambo wovala kofiya, wondipatsa moni m'Chiyao, dzina lawo Che Kasimu. Ndiwo mkulu wa ophika. Akhala pamenepo zaka zambiri, ndipo dzina lawo ansembe amalitchula tsiku ndi tsiku popanda lilime kuthyoka.

Che Kasimu anandiuza kuti nyama imaoneka mwa apo ndi apo, ya ng'ombe kapena ya mbuzi, ndipo amaizinga ndi iwo omwe. Masiku ena onse ndi nyemba. M'mawa phala, masana nyemba, madzulo nyemba zija zinatsala masana zitasintha maganizo. Anandichenjeza kuti nyembazo zimabwera ndi alendo, anankafumbwe. Ndinawafunsa ngati anankafumbwewo amawazinganso mmodzimmodzi. Iwo anati iyayi, poti amayandama pamsuzi, amawawerengera m'gulu la nsomba. Ndiye idya, usachite manyazi, usachitenso matama. Mwana wosadya sawerenga. Anandiuzanso kuti mwezi wa Ramazani ukafika, ana amene akumanga amakalembetsa maina kwa amayi oyang'anira atsikana, amene kumeneko amawatcha amatironi, ndipo chakudya chawo chimasungidwa mpaka dzuwa litalowa. Tandiuza tsono, Asiyatu. Agnes adzakalembetsa bwanji pamenepo? Adzamanga mobisa n'kumagona ndi njala, kapena adzadya masana mtima ukumuwawa. Zonse ziwiri sindikuzifuna.

Amatironiwo ndinakumana nawo. Ndi mayi wamtali wa magalasi, makiyi ali lendelende m'chiuno ngati woyang'anira ndende, koma nkhope yawo si ya ndende. Anabwera kudzaona nsomba. Ine ndinayamba kufunsa mochenjera, ngati munthu wongocheza: kodi atsikana amagona angati m'chipinda, madzi amatunga kuti, nanga wina akadwala zimatha bwanji. Nditafika pa funso lachisanu ndi chimodzi anavula magalasi.

"Bambo, milamba sifunsa mafunso otere. Mwana wanu ndi uti?"

Ndinati abwera mwezi wamawa, Fomu 1, dzina lake Asiyatu Saidi. Anatulutsa kabuku m'thumba n'kulemba. Ndiye udziwe kuti amatironi akudikira Asiyatu wa ku Chiuta, mwana wa bambo wa milamba yofunsa mafunso. Anandionetsa chipinda cha odwala, muli mabedi oyala bwino ndi maneti a udzudzu, ndipo chipatala cha mishoni sichili patali. Anati vuto lawo lalikulu si matenda, koma ana obisa matenda.

Pamenepo ndinakumbuka tekenya wanga. Barnaba, monga ndakuuza, anali munthu wa nsapato m'maganizo mwake, ngakhale mapazi ake anali asanaonepo nsapato. Tekenya atalowa kuchala chachikulu, ndinaona kuti munthu wa dzina lotere sangakhale ndi matekenya. Ndinabisa. Ndinkayenda mokhwimitsa nkhope ngati msilikali. Chala chinatupa mpaka kufanana ndi mbatata, ndipo tsiku limene anachitumbula, kulira kwanga kunamveka tsidya la ku Mozambique. Iwe ndiwe mwana wanga pa khalidwe limeneli. Chaka chilichonse mvula ikayamba malungo amakugwira, ndipo umanena kuti uli bwino mano akugundana ngati njinga yanga pa msewu wa Nayuchi. Kuno mayi ako amakugwira pachipumi n'kudziwa. Kumeneko palibe adzakugwire pachipumi ukapanda kunena. Mutu ukangoyamba kuwawa, pita kwa amatironi tsiku lomwelo. Osati mawa. Tsiku lomwelo. Za matenda ena a inu akazi, mayi ako anakulangiza kale, ine pamenepo ndilibepo mawu, koma khomo lake ndi lomwelo la makiyi.

Za tchalitchi ndinafunsanso, poti ndi pamene pagona mantha a amalume ako. Wansembe wa pamenepo ndi munthu wakuda ngati ife tomwe, ndinamupeza akupopa njinga, mkanjo ataukwinyira m'lamba. Anandiuza kuti belu likalira m'mawa ana onse amalowa m'tchalitchi, limenelo ndi lamulo la sukulu, koma palibe mwana amabatizidwa popanda kalata ya makolo ake. Ndinamuuza kuti kalata imeneyo aiyembekezere tsiku limene mlamba udzamere mamba. Anaseka n'kundibwereka pampu... iyayi, ndine ndinamugwirira njinga, ndisadzikweze. Tsono iwe uzilowa, uzikhala mwaulemu, akaima ima, akakhala khala. Ndi nyumba ya eni ake, ndipo akukuphunzitsa. Usakaseke mapemphero a munthu. Koma swala yako usaisiye. Kamkeka kaja mayi ako akuikira, si kokhalira pocheza. Che Kasimu akuti atsikana a Chisilamu alipo angapo m'makalasi a patsogolo ndipo ali ndi kangodya kawo koswalira. Akamva kuti kwabwera Asiyatu adzakufunafuna okha. Akamva kuti kwabwera Agnes adzakudutsa.

Maphunziro ake ndinawaona pa bolodi la pakhonde, ndinaima pamenepo n'kumawerenga ndi chala mpaka ana ena anayamba kundizungulira. Chingerezi, Chichewa, masamu, sayansi, ulimi, mbiri yakale, za maiko, za Baibulo, kuphika ndi kusoka. Mayeso aakulu ndi awiri, a Fomu 2 ndi a Fomu 4, ndipo akuti a Fomu 2 ndi sefa, amene wagona amatsalira pamwamba ngati gaga. Mtsikana wina anandionetsa kope lake la masamu. Mwanangu, masamu a kumeneko anasakaniza ndi zilembo. Akuti ntchito yake ndi kufunafuna X. Ndinamufunsa kuti anayamba liti kumufunafuna, akuti chaka chino ndi chachitatu. Ndinati ngati anthu ophunzira chonchi akulephera kumupeza, ameneyo nayenso anasintha dzina. Iwe masamu umawatha, unkandiwerengera nsomba pathandala usanayambe n'komwe sukulu. Ukamupeze X ameneyo, umuuze kuti kwawo akumufuna.

M'chipinda cha sayansi ndinasuzumira pawindo. Muli mabotolo, mipope ya moto, ndi chule wakufa m'madzi a mankhwala, akumusunga ngati ndi mfumu. Ndinauza mphunzitsi wake kuti akafuna ena anene, kwathu achule sitigona nawo tulo. M'kalasi ina muli mapu aakulu a dziko lathu. Ndinafunafuna Chiuta mpaka ndinaipeza, kanyanja kakang'ono ngati kamatemba kamodzi kokanirira m'mphepete mwa mbale. Nyanja imene yandidya msana moyo wanga wonse! Tsiku limene udzapukwe kumudzi, pita pa mapu amenewo, ukaike chala pamenepo. Ine ndidzakhala pansi pa chalacho, usakanikize kwambiri. Ulimi usaunyoze poti unakulira m'munda. Aliyense kumeneko amapatsidwa bedi lake la ndiwo zamasamba, ndipo pamenepo ndi pamene ana a m'tauni adzadziwe kuti khasu lili ndi kutsogolo ndi kumbuyo. Ukawathandize, nawonso adzakuthandiza Chingerezi.

Za Baibulo uziphunzire ndi mtima wonse, ndi phunziro ngati ena onse ndipo limakhala pa mayeso. Usaope. Ukakumanamo ndi anthu owadziwa kale ku madarasa: Nuhu ndi chombo chake, Yusufu ndi abale ake ansanje, Musa ndi ndodo yake. Angovala malaya ena. Pamene nkhani zawo zasiyana ndi zathu, lemba zimene mayeso akufuna, sunga zimene mwalimu wa ku madarasa anakuphunzitsa. Ine phunziro limeneli ndinkakhala nambala wani, kuposa mwana wa katekisiti, ndipo taona lero ndine amene ndimasesa mumzikiti.

Chingerezi ndiye chenjera nacho. Lamulo lawo ndi loti pasukulu uzilankhula Chingerezi basi, ukagwidwa ndi Chichewa amakupatsa chikwakwa ukatchetche bwalo. Chiyao chako uchipinde bwino uchiike pansi pa pilo, uzichitulutsa Loweruka chisachite nkhungu. Koma chimene ndikufuna kukuuza ndi ichi. Tsiku lina kusukulu kwathu kunabwera Mzungu woyendera sukulu. Bambo Filipo anandiimika ine monga mwana wanzeru. Mzungu anandifunsa funso, sindinamve ngakhale liwu limodzi. M'malo monena kuti sindinamve, ndinatsegula pakamwa n'kulakatula tsamba lonse limene ndinaloweza, la nkhani ya galu ndi fupa, kuyambira pamwamba mpaka pansi, osapuma. Mzungu anadikira mpaka ndinamaliza. Kenako aphunzitsi anandinong'oneza kuti bwanayo amangofunsa ngati ndadya m'mawa. Usaloweze zinthu zosazimva, mwanangu. Ukapanda kumva, imika dzanja unene. Adzaseka tsiku limodzi. Wonamizira kumva amasekedwa ndi mayeso, ndipo mayeso akaseka saleka.

Pali mphika umodzi wokha umene ngakhale ine wanthabwala sindiuvundukula. Kadi yako ya chipani ili m'kampango kobiriwira, pansi pa sopo. Uziyenda nayo ukamapita kumsika kapena pokwera basi. Madiresi mayi ako asoka ofika pansi pa mawondo, usakawapinde kuti ufanane ndi a m'tauni. Ndipo anzako akayamba nkhani za boma, iwe ukumbukire kuti uli ndi zochapa. Ine tsiku lina pachipata cha msika anyamata oona makadi atandiimitsa, ndinawafunsa ngati milamba ya m'dengu ikufunikanso makadi, poti nayonso ikulowa mumsika. Ndinakhala padzuwa kuyambira m'mawa mpaka msika kutha, ndikuimba nyimbo zimene sindinkadziwa kuti ndimazidziwa. Nthabwala za bambo ako utengeko zina, imeneyo isiye.

Kusekedwa udzasekedwa ndithu, ndisakunamize. A Fomu 2 ntchito yawo ndi imeneyo, nawonso anasekedwa chaka chatha ndipo akufuna pobwezera. Ukabisa dzina adzaseka makutu, ndipo makutuwo ndi anga, sungawapente. Mankhwala ake ndi kuyamba iwe kuseka. Akati wa ku nsomba, uvomere, uwafunse ngati kwawo amadya miyala. Ndipo makumba ndakuikirawo usawatulutse sabata yoyamba. Dikira sabata yachitatu, nyemba zitawafika m'khosi. Ukatsegule bokosi pang'onopang'ono, fungo liyende lokha m'chipindamo. Udzaona ana a makalaliki akubwera mmodzimmodzi, mwaulemu, akutchula dzina lako bwinobwino ngati analiphunzira ku madarasa. Ugawire onse, ndi amene anakuseka omwe, koma amenewo uwapatse mitu.

Tsopano ndikuuze mmene Barnaba anathera. Nkhani iyi ngakhale mayi ako saidziwa yonse.

Ndinamaliza Sitandade 3 ndili nambala wani. Masiku amenewo sukulu za m'midzi zinkathera pomwepo, ndipo ana ochepa okhoza bwino ankaitanidwa ku sukulu yaikulu ya ku mishoni, yogonera komweko, kukapitiriza. Bambo Filipo anatumiza dzina langa osandiuza, ankafuna kuti ndidzangodabwa. Pa tchuthi chomwecho iwo anasamutsidwa kupita kwina. Ine ndinali nditapita ndi amalume anga kutsidya kwa nyanja, kumene tinkakhala miyezi tikupha ndi kuwamba nsomba. Ndiye kunabwera mthenga wa mishoni, wapansi, kalata ili m'kathumba. Anazungulira midzi itatu akufunsa Barnaba mwana wa Jemusi. Palibe anamudziwa. Anzanga a kusukulu amene akanamulozera anali kunyanja ngati ine. Pomaliza anafika pakhomo pathu, n'kupeza agogo ako akusoka ukonde. Anawapatsa moni, iwo anamupatsa mpando, anamupatsa thobwa. Atafunsa, agogo ako anaganiza ndithu, kuwerenga ana a m'mudzi monse, n'kuyankha kuti, "Pepani, mwayenda ulendo wautali. Kuno kulibe Barnaba."

Sananame. Mthenga uja anamwa thobwa la mayi anga, atakhala pa mpando umene ine ndinasema, kalata yanga ili m'thumba mwake, n'kubwerera nayo. Malo anga anapatsa wina.

Ine sindinadziwe kanthu. Ndinkangoti sindinasankhidwe, basi, ndinalowa m'bwato. Panapita zaka, ndili kale ndi ndevu, pamene ndinakumana ndi bambo Filipo mumsika wa Balaka, atakalamba, akugula matemba padengu langa. Anandizindikira ndi makutu omwewa. Anandigwira dzanja osalisiya, n'kundifunsa chifukwa chimene ndinakanira sukulu. Ndinati sukulu yanji? Atandifotokozera, ndinawapatsa matemba aja ulere, n'kukhala pansi kuseri kwa dengu. Tsiku limenelo sindinanene nthabwala ngakhale imodzi, anzanga a mumsika ankayesa ndadwala.

Nditabwerera kumudzi ndinawauza agogo ako zonse, kuyambira pa miono imene sindinkaonjola. Anaika singano ya ukonde pansi. Mthenga uja ankamukumbukira bwino, ndi mtundu wa malaya ake omwe. Kenako anati, "Ukanandiuza, ndikanakukwapula. Ndikatha kukukwapula ndikanakuperekeza."

Mawu amenewo ndayenda nawo mpaka lero. Amene anandimana sukulu si Akhristu, komanso si bambo anga. Ndinabisala bwino kwambiri, moti mwayi utabwera kudzandifuna unalephera kundipeza. Tsiku limene kalata yako inabwera, a hedimasitala a pa pulayimale atafika pakhomo pano n'kuwerenga mokweza kuti Asiyatu Saidi, unaona ndinathamangira kuseri kwa nyumba. Ndinakuuzani kuti utsi wa nsomba wandilowa m'maso. Tsiku limenelo sitinawambe nsomba.

Bokosi lako sindinalifufute dzina lija. Ndabwezerapo chitenje monga unaphimbira, ndipo mawa ndilinyamula ndekha pa njinga, lili chiphimbire, amalume ako asaone. Dzina ndi lako, wakula, sindingakulembere ndi dzanja langa. Koma ukafika, ukafufuze pansi penipeni, kuseri kwa makumba. Mupezeka kachitini ka penti ija, ndakamanga m'pepala la pulasitiki kuti kasatayikire pa madiresi, ndi kanthenga ka nkhuku kolembera. Yatsala yokwanira zilembo zisanu ndi ziwiri, ndawerenga. Zakalezo zimachoka ndi mwala ndi mchenga, ndayesa pakona, ukhululuke.

Ukalembe kalata sabata yoyamba. Undiuze za nyemba, za X, ndi ngati chule uja akadali m'botolo. Kalata zathu ukudziwa zimadzera kwa a hedimasitala. Dzulo... iyayi, lero lomwe, nditangochoka pa bokosi lako, ndinapita kukawaona. Ndawauza kuti kalata iliyonse yochokera ku sukulu imeneyo, kaya kumbuyo kwake kwalembedwa dzina lanji, kaya ndi dzina limene sanalimvepo chibadwire, asaibweze. Abwere nayo kuno. Ndidzaitsegula, ndidzaiwerenga pansi pa mango pano, ndipo ndidzayankha. Pakhomo pano panabwezedwapo kalata imodzi, yakwana.

Pita bwino, mwanangu. Mulungu akutsogolere, akubwezere kuno uli wonenepa ndi nyemba.

Ndine bambo ako,
Saidi mwana wa Che Ndembo